Malaya a pa Msomali

Kuseri kwa chitseko cha nyumba yathu ku Lungwena kunali msomali, ndipo pa msomalipo pankakhala malaya oyera a bambo. Anali malaya awo a kutchalitchi, a manja aatali, batani limodzi losiyana ndi anzake. Mpaka lero ndikamva fungo la simbi ya makala pa nsalu yonyowa, mtima umandiwawa.

Bambo anapita ndi mwera wa chaka chimene ndinayamba kulemba ndi bolopeni kusukulu. Analowa m'nyanja kukapha usipa ndi anzawo, mphepo n'kuwagubuduzira bwato. Anzawowo anapulumuka. Bambo anthu anawafunafuna m'mabango monse mpaka ku Makanjira, koma inapezeka ndi nkhafi yawo yokha.

Kwathu munthu akatsala m'madzi, maliro ake sawasiya opanda manda. Amadula thunthu la nthochi, n'kulikulunga m'nsalu, n'kukaliika kumanda m'malo mwa mwini wake. Akatero anthu amameta, wamasiye n'kumasulidwa kuti ayambenso moyo. Amalume, alongo awo a mayi, anali atasankha kale nthochi yoti adule kuseri kwa nyumba. Mayi sanakane poyamba, ankangoti tidikire pang'ono.

Ndiye Lamulungu lina abusa analalikira za kubweranso kwa Ambuye. Sindiwaimba mlandu, anali munthu wabwino ndipo ankafuna kutitonthoza. Anati tsikulo palibe amene akulidziwa, likhoza kukhala mawa, likhoza kutipeza tisanatuluke m'tchalitchimo. Anatinso pa tsikulo nyanja idzabweza onse amene inawameza, choncho aliyense akhale wokonzeka. Ndinaona mayi akuwongoka pa benchi, koyamba chichitikireni ngozi ija.

Titafika kunyumba anakoleza makala n'kusita malaya aja. Anati bambo anapita atavala kabudula wong'ambika wa kunyanja, ndiye sangakaime pamaso pa Ambuye ali choncho.

Amalume atabwera ndi chikwanje, mayi anawatsekera njira.

"Achemwali, tiyeni tiwaike alamu, mwanayu azikhala ndi poloza," anatero amalume.

"Achimwene, akavuuka mawa n'kupeza tawaikira nthochi, ndiwauza chiyani?"

Amalume anabwerera ndi chikwanje chawo. Anapita kwa abusa, abusa n'kubwera kudzawauza mayi kuti kukonzeka kumene ankanena n'kwa mumtima, osati kwa malaya. Mayi anawamvetsera mwaulemu, atagwada. Kenako anawapempha chinthu chimodzi chokha, kuti awatsimikizire kuti Ambuye sabwera sabata imeneyo. Abusa sakanatha. Akanatha bwanji, poti anali atanena okha pa guwa kuti palibe akudziwa?

Nyengo yonse ya mwera inapita choncho. Mphepo inkatilowetsera mchenga m'nyumba, milomo yathu n'kumang'ambika, thandala limene mayi ankayanikapo usipa n'kumadyedwa ndi chiswe. Mayi anasiya kupita ku Mangochi kukagulitsa nsomba, poopa kuti tsikulo lingawapeze panjira. Amalume atafuna kunditenga kuti ndikaphunzire kutauni, mayi anakana kwamtuwagalu, ati bambo akamavuuka atipeze tonse pamodzi. Loweruka lililonse ankachapa malaya osavalidwa aja n'kuwasita, mpaka kolala inayamba kufiira. Amayi a kutchalitchi ankawayamikira kuti ali ndi chikhulupiriro cholimba. Ndikakumbukira kuyamikira kumeneko ndimapsa mtima, chifukwa munthu ankatha akuona, iwo n'kumamuimbira nyimbo.

Ine, poti ubwana ndi ubwana, ndinkasangalala. Anzanga akanditcha wamasiye ndinkawayankha monyada kuti bambo akubwera, mwina mawa. Pakachita kamtambo kachilendo pamwamba pa nyanja, ndinkathamanga kukatsuka mapazi kuti asandipeze ndili mbuu. Nthochi imene amalume anasankha ija inabereka mkoko waukulu, ndipo ndinadya nawo osaganiza kanthu.

Mwera unaleka, mvula inabwera, koma pakhomo pathu nyengo ija sinathe. Ndinakula n'kuchoka ndithu, mayi akulira kuti ndikuwasiya okha pa ntchito yodikira. Iwo sanasunthe pakhomopo mpaka imfa. Manda awo ali okhaokha, ndipo bambo ndilibebe powaloza. Titabwera ku maliro ndinapeza malaya ali pa msomali womwe uja, atathetheka ngati sefa, koma opanda khwinya ndi limodzi lomwe.

Ndimapempherabe, ndipo ulaliki uja ndimaumva chaka ndi chaka, kungoti umandilemera pamtima. Ndili mwana ndinkaganiza kuti tsiku losadziwika ndi tsiku lapafupi. Sindinkadziwa kuti tsiku limene palibe akulidziwa silichedwa, ndiye panalibe munthu pa dziko lino amene akanawauza mayi kuti basi, zimitsani makalawo.