Kuchoka ku Sopo Kulowa M'kalasi

Fakitale ya sopo itatsekedwa, bambo a mapasa anangokhala pakhomo, manja lende. Anakhala akuyang'anira makina kumeneko chimalizireni digiri yawo, ndipo ntchito ina sankaidziwa.

Tsiku lina kunabwera mlamu wawo wophunzitsa ku yunivesite. "Alamu, tikusowa munthu woti aziphunzitsa a chaka choyamba za kayendetsedwe ka ntchito m'makampani."

"Ine choko ndinachigwirapo liti?" anaseka bambowo, komabe anapita.

Masiku oyamba ankangowerenga buku, thukuta lili kamukamu, ophunzira akuyasamula. Kenako mtsikana wina anakweza dzanja. "Aphunzitsi, ku fakitale kwanuko ntchito inkatsamwa pati?"

Bambowo anatseka buku. Anafotokoza za makina okutira sopo, omwe ankachedwa kuposa makina odula, moti sopo ankaunjikana mpaka pachitseko cha bwana. Ophunzira anayamba kulimbana pa zomwe akanachita iwowo, mpaka nthawi inatha osazindikira.

Atafika kunyumba anauza akazi awo, "Amake mapasa, zaka zanga zija sizinalowe m'madzi ayi. Mundithokozere achimwene anu."

Pano imvi zili mbuu koma akuphunzitsabe, ndipo chaka chilichonse amachita kupempha okha kalasi ya ongoyamba kumene.