Thonje la Rebecca m'Ndowa za Chisankho

Rebecca anabadwira ku Vubwi, sukulu analekeza giredi 10, ndipo chitengwa ndicho chinamufikitsa m'mudzi wina kufupi ndi Sinda, kwawo kwa mwamuna wake Martin. Pamudzipo amamudziwa kuti ndi mayi wosayankhula pagulu, wongopenya. Koma mukangomufunsa za a Nikodemo, pakamwa pake sipatsekeka.

A Nikodemo anali mphunzitsi wa ku yunivesite, wofufuza za demokalase. Rebecca ali mtsikana, iwo anakhala ku Vubwi miyezi itatu, kuyenda ndi kope m'misonkhano ya m'midzi, kufunsa mmene anthu amasankhira atsogoleri. Ataona anthu akundanda kumbuyo kwa munthu amene akumufuna, anapukusa mutu.

"Apa mukuwerenga mantha a anthu, osati mitima yawo," anatero.

Ndiye anawaonetsa njira ina: aliyense alowe yekha kuseri kwa chitenje, aponye njere ya chimanga m'ndowa ya amene wamukonda.

Chaka chatha wailesi inalengeza kuti a Nikodemo amwalira. Nthawiyo mjigo wa pamudzi unali utafa miyezi inayi, anthu akumwa madzi a kudambo, ndipo mwana wa Rebecca anali atagonekedwa kale kawiri kuchipatala ndi kutsegula m'mimba. Wapampando wa komiti ya mjigo anali a Bonface, malume ake a Martin. Chisankho chilichonse, mudzi wonse unkandanda kumbuyo kwawo. Rebecca akanaima bwanji kwina apongozi akumuona?

Anangofotokozera amayi anzake kudambo za malemu a Nikodemo. Nkhani inathamanga nyumba ndi nyumba, mpaka amayi anagwirizana kuti bambo ameneyu amulire posankha wapampando wa komiti mwa njira yake. A Bonface anavomera akuseka, pokhulupirira kuti Aroni wokonza njinga, amene ankapikisana nawo, sangawagwetse.

Tsikulo kunali chisangalalo ngati cha ukwati. Chitenje anachimanga pakati pa mitengo iwiri ya mango, amayi akuimba, aliyense njere yake m'manja. A Bonface anabweretsa ndowa yawo yachitsulo, Aroni yake yapulasitiki, zonse anazivindikira ndi nsalu zoboola pakati.

Woyamba analowa. Ngwe! Anthu anaombera m'manja. Wachiwiri analowa. Pho! A Bonface anatembenuka pang'onopang'ono, n'kumuyang'anitsitsa mayiyo potuluka. Wachitatu anaima nthawi yaitali kuseriko, kenako, ngwe!

Rebecca anayang'ana mzere. Patsogolo pake panatsala anthu asanu okha. Njere yake ikangolira kuti pho, madzulo ano akadya bwanji m'nyumba? Ikalira kuti ngwe, mwana abwereranso kuchipatala.

"Amake mwana, khalani chete," ananong'ona Martin, ataona kuti mkazi wake akufuna kuyankhula.

Koma Rebecca anali atagwada kale, mwana kumbuyo.

"Apongozi, pepani. Ndowazi zikutiulula. Yanu ikulira mwina, ya a Aroni ikulira mwina. Chitenje chabisa maso, makutu sichinabise."

Kenako mayi wina anafuula kuti, "Iii, zoonadi! N'chifukwa chake amandiyang'ana ngati ndaba mbuzi!" Chiseko chinabuka mpaka a Bonface omwe.

"Apongozi, kani mumayankhula?" anatero a Bonface. "Nanga tichite bwanji, aphunzitsi?"

Rebecca anadzuka. Anathamangira kunyumba, n'kutapa thonje m'thumba lodikira ogula, n'kuyala pansi pa ndowa zonse ziwiri. Anayesa kuponya njere. Zii. Anaponyanso m'ndowa inayo. Zii. Nthungululu zinamveka mpaka kumsewu!

Anayambiranso. Anthu ankatuluka kuseri kwa chitenje akuvina, ena kuwagwira chanza a Bonface, ena Aroni, osadziwika kuti ndani waponya kuti. Atatola njere m'thonje muja, za Aroni zinapezeka 61, za a Bonface 38.

Pasanathe masabata awiri mjigo unatulutsa madzi, Aroni mafuta ali mpaka m'zigongono. Ndowa yoyamba anatunga ndi Rebecca.

Mpaka lero a Bonface akakumana naye pamjigo amamufunsa kuti, "Koma apongozi, yanu ija munaponya kuti?"

Iye amagwada bwinobwino, n'kuyankha kuti, "M'thonje, apongozi."