Mkamwini amene anatenga dzina langa

Mkamwini wanga anthu amamutcha Chala, chifukwa chala chake sichichoka pa foni. Ntchito wagwirapo zambiri, zonse zosamaliza. Anagulitsapo machaja, anayendetsapo takisi ya eni, kenako anakwatira mwana wanga n'kudzakhala pa benchi m'shopu mwanga. Ine ndimakonza masofa. Ndatha zaka makumi atatu ndili pa ntchitoyi, ndipo anthu amandidziwa kuti a Misomali.

Singano inamukana. Chimene ankadziwa n'kutsatsa malonda pa intaneti, ndipo tsiku lina anandifotokozera.

"Apongozi, munthu akafuna chinthu amalemba mawu pa foni. Ife timasankhiratu mawu oti akalembedwa, malonda athu aonekere. Pali khomo lalikulu, lolowetsa chilichonse chofananako ndi mawu anu. Pali lapakati, lofuna kuti mfundo yanu ikhalemo mu zimene walembazo. Laling'ono limalowetsa okhawo amene alemba zanuzo ndendende. Ndiye pali mndandanda wa mawu okanidwa, oti munthu akawalemba malonda athu asaoneke."

"Labwino ndi liti?"

"Kwa inu lalikulu. Anthu adzachita kukhamukira."

Anakhamukiradi, koma pa foni. Wina akufuna kubwereka mipando ya pulasitiki, wina mpando wometera tsitsi, wina akufunsa sopo wochapira sofa. M'mawa wonse unkathera kuyankha kuti ayi, guluu akuuma pa thabwa. Nthawi yomweyo Chala anatsegula shopu yakeyake kuseri kwa msika n'kulemba aganyu awiri.

Patatha miyezi inayi kunabwera mayi wina, mphunzitsi wopuma ntchito, amene ndinamukonzera mipando kalekale. Anaponya khushoni pa tebulo langa. Msoko unali utamasuka, siponji ikuyoyoka ngati buledi wadzana.

"A Misomali, ndi ukalamba kapena mwayamba kumwa?"

"Msoko uwu si wanga, mayi."

"Ndinalemba dzina lanu pa foni, inandilondolera kuseri kwa msika. Kumeneko anati ndi nthambi yanu."

Apo m'pamene ndinamvetsa. Ine anandisiyira khomo lolowa mbuzi ndi nkhuku zomwe. Laling'ono lija anadzisungira, ndipo mawu amene anaikapo anali dzina langa.

Lamlungu masana ndinapita kwawo. Ndinawapeza akudya, ndipo khushoni ndinaiika pakati pa mbale.

"Palibe lamulo loletsa, apongozi," anatero, osasiya kutafuna. "Mawu ndi mawu, aliyense atha kuwasankha."

"Dzinali ndinalipeza ndi zala izi. Iwe unalipeza ndi chiyani?"

"Bola lili m'banja momwemu. Nanga mukadzatisiya lidzapita kwa ndani?"

"Ndikafa udzalitole. Panopa ndikupumabe."

Mwana wanga sanandiikire kumbuyo ndi mawu. Anapukuta m'manja n'kutenga foni ya mwamuna wake, poti manambala onse achinsinsi otsegulira amasunga ndi iye.

"Bambo a ana, mndandanda wa mawu okanidwa uja uli pati?"

Chala anangopitiriza kudya. Mkazi wake anaupeza yekha. Anafufuta dzina langa pa malonda a Chala, n'kulilemba pa okanidwawo. Kenako anatseka khomo langa lalikulu lija, n'kusiya dzina langa ndi mawu awiri okha: kukonza masofa.

Tsopano foni yanga imalira kawiri kapena katatu pa tsiku, onse a masofa. Khushoni ya mayi uja ndinaisokanso ndekha. Chala anabwerera ku machaja, ndipo tikakumana pa msewu sandipatsa moni. Sindinaonde nazo.