Gasi wa m'dimba la amayi

Ine ndine munthu woyamba m'mbiri yonse ya boma la Mchinji kutulukira gasi pansi pa nthaka, ndipo ndikadzafa ndikuyembekeza chipilala pa Kamwendo, pafupi ndi pamene amaima akabaza. Vuto ndi limodzi lokha: gasiyo sangawiritse ngakhale dzira.

Ndinachoka kwathu kwa Mlonyeni nditasiyana ndi koleji m'chaka chachiwiri. Sanandithamangitse ayi. Ine ndi mayeso a masamu tinangogwirizana kuti aliyense ayende njira yake. Nditatha miyezi isanu ndikuthirira matimati m'dimba la amayi, anthu n'kumandilonjera kuti "a injiniya, kheni ikuyenda bwanji?", ndinamva kuti ku Mozambique akulemba anthu kumalo obowola zitsime za gasi. Sindinafunse kawiri.

Uinjiniya wanga kumeneko unali wosenza matumba a ufa wolemera ngati simenti n'kumakhuthulira m'thanki ya matope. Kapitawo wathu anali a Mwanza a ku Chipata, munthu yekhayo amene ndinkamvana naye chilankhulo. Iwo ndiwo anandiphunzitsa zimene koleji inalephera.

"Iwe wa ku Malawi, pansipa pali pulesha," anatero tsiku loyamba. "Gasi ali pansi apo akukankha, akufuna kutuluka. Chikumuletsa ndi kulemera kwa matope amene tikupopera m'chitsimemu. Matope akapepuka, gasi akwera, tonse tipsa. Akalemera mopitirira, mwala ung'ambika, matope athawira m'ming'alu, gasi akweranso. Ndiye chitsime chikakhala phee usamati chagona. Pali chimene chachikhalira."

Kenako anandiika poyang'anira thanki. Matope obwerera akachuluka kuposa amene tatumiza pansi, ndiye kuti china chalowa m'chitsime, ine ndikuwe. Zaka zitatu ndili maso pa matope. Ndinafika pokayikira chilichonse chochita thovu, ngakhale sopo.

Ndalama ndinkatumiza mwezi ndi mwezi, pena zochepa zochititsa manyazi. Lamlungu anzanga akamaseka m'Chipwitikizi, ine ndinkakhala kuseri kwa kontena ndikumvetsera mobwerezabwereza mawu a amayi amene mlongo wanga ankajambula pafoni. Anali amodzimodzi nthawi zonse: "Kuno tili bwino, matimati apsa, uzipemphera." Zaka zitatu anthu ali bwino, osadwalako ngakhale chimfine? Ndinkadziwa kuti pali chimene chakhaliridwa.

Ntchito itatha ndinabwerera ndi chikwama chimodzi ndi majombo achitsulo kutsogolo. Mlongo wanga anandiululira tisanafike n'komwe pakhomo. Amalume, amene ndi eni mbumba kwathu, anayamba kale kufuna kugulitsa dimba lija kwa wamalonda wina wa pa Kamwendo. Amayi ankangowachedwetsa ndi zifukwa: lero ndadwala, mawa kuli maliro, dikirani tikolole, dikirani mwana abwere. Tsopano mwana wabwera, zifukwa zatha. Wogula abwera Loweruka kudzayeza.

Lachinayi ndinapita kudimba kukatsanzika. Pachitsime chothiririra ndinaona timathovu tikukwera kuchokera pansi. Chizolowezi n'choipa. Ndinagwada, n'kuyamba kutokosa matope ndi nsungwi, maso ali pamadzi, osadziwa kuti amalume anditsatira ndipo aima kumbuyo kwanga.

"Mphwanga, ukuonamo chiyani m'madzimo?"

"Palibe, amalume. Ndi mpweya wa masamba owola."

"Munthu wochokera ku gasi angagwadire masamba owola?"

"Gasi weniweni satokosedwa ndi nsungwi, amalume. Amabwera yekha, phokoso lake kumveka mpaka ku boda. Uyu alibe pulesha."

"Ndiye kuti alipo."

Apa m'pamene ndinaganiza zoonetsa maphunziro anga. Ndinathamangira pa okala kukagula machesi, ndinamiza botolo m'madzi chozondotsa, n'kukola timathovu tija mpaka titadzaza theka. Cholinga chinali chakuti amalume aone okha kuchepa kwake. Ndinayatsa. Kamoto kabuluu kanangoti vuu, n'kunyamula nsidze yanga yakumanzere. Nditaphethira ndinapeza amalume avula chipewa.

Loweruka wogula anafika ndi tepi yake. Amalume anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

"Achimwene, munamva kwa ndani?"

"Za chiyani, bambo?"

Amalume anatembenukira kwa ife. "Ehee. Mukumumva? Akuti za chiyani. Zaka zitatu kulimbikira kadimba kamodzi, inu mumati n'chifukwa cha matimati?"

Munthu uja anakulunga tepi yake n'kukwera njinga yamoto, akutembenukatembenuka ngati wasiya amisala.

Inenso sindinapulumuke. Amalume akukhulupirira kuti sindinabwere chifukwa ntchito inatha, koma azungu anandituma kudzanunkhiza. Ndikalowa m'dimba amanditsatira. Ndikayankha foni amasendeza mpando. Ndinawafotokozeranso mofatsa za masamba owola, iwo n'kungoti, "Anakuphunzitsa bwino kubisa." Nditatsegula pakamwa kuti ndiyese kachitatu, amayi anandiitanira kuseri kwa nkhokwe.

"Zoona wanena kawiri, aliyense wamva. Zaka zitatu ndawagwira ndekha amalume akowa, msana wanga watopa. Asiye alondere matimati."

Lero amalume amakhala pampando pansi pa mtengo wa mango m'mphepete mwa dimba, kudikira kampani. Palibe wogula amene amayandikira, ngakhale mbuzi zinasiya kulowa. Amayi amathirira mbewu zawo akuimba nyimbo za kutchalitchi. Pakhomo pali phee, ndipo ine, monga katswiri, ndikudziwa chimene chapakhalira.

Nsidze inamera yokha. Machesi ndinagula K100, ndipo bokosilo amalume analanda, akuti ndi umboni.