Dzina la agogo m'buku la mlendo

Ndikukumbukira chaka chimene mlembi wa mabuku a nkhani zakale anafika kwathu ku Chezi. Ndinali ndi zaka khumi. Inali nyengo yosoka fodya, ndipo anatipeza m'chigafa, manja akumata ndi utomoni. Ankaponda mosankha ngati nkhuku yoopa mame, kuteteza nsapato zake. Ndinamuda pomwepo.

Anati akulemba buku la moyo wa matenanti pa esiteti kalelo, ndipo anamva kuti agogo anga aamuna, a Dzikolatha, anagwirako ntchito. Dzina limeneli ndi langanso, anandipatsa okha nditangobadwa.

Agogo anasiya singano, namufotokozera zonse. Atafika pa kapitawo amene ankawakwapula chifukwa chothyola masamba osakhwima, anavula malaya, chinthu chimene sankachita ngakhale pamaso pathu. Msana wonse unali mizeremizere.

"Mukalembe, bambo," anatero agogo. "Ana adziwe."

Amayi anamuphera tambala. Anadya, nanyamuka.

Agogo anamwalira buku lisanatuluke, ndipo ndimati anachita mwayi. Ndili ku sekondale, aphunzitsi a Chichewa anabwera nalo m'kalasi, nayamba kuwerenga mokweza. M'bukumo munali kapitawo wankhanza, woledzera, wokwapula ngakhale amayi oyembekezera. Dzina lake Dzikolatha. Kalasi yonse inacheukira kwa ine. Kuyambira tsiku limenelo ndinali "Kapitawo", ndipo anyamata ankandibisira msana ndikamadutsa. Kumudzi nako ena anayamba kunong'ona kuti utsi sufuka popanda moto.

Mlembiyo atabwera kudzalankhula pasukulu pathu, ndinaimirira n'kumufunsa.

"Bwana, a Dzikolatha ndi amene ankakwapulidwa. Zipsera munaziona nokha. Mwawasandutsiranji wokwapula?"

Anaseka, mano onse pamtunda. "Mwana iwe, iyi ndi nkhani yopeka. Dzinalo linangondikomera m'khutu."

Ana anaseka naye. Aphunzitsi aakulu anandipatsa chibalo chokumba dzenje la zinyalala chifukwa chochititsa manyazi mlendo. Ndinakumba ndikulira ndi ukali.

Lero mlembi uja ndi wotchuka. Ndimamumva pa wailesi akunena kuti ntchito yake ndi kulankhulira anthu amene mbiri inawaiwala, ndipo ndimatseka wailesiyo. Sindinamukhululukire, ndipo sindikuganizako. Ndakula, ndikudziwa kuti wolemba ali ndi ufulu wopeka. Koma dzina la munthu si chipewa choti ungotola n'kuveka amene wafuna. Kwathu kuno dzina limakhala ndi manda ake, limakhala ndi zidzukulu zopita nalo kusukulu.

Mwana wanga woyamba ndinamutcha Dzikolatha, abale akundiletsa. Atafika zaka khumi ndinamutengera m'chigafa, ndipo ndinamuuza za msana wa agogo, mzere uliwonse. Kapitawo uja anawakwapula ali moyo, akutha kulira. Mlembi anadikira kuti afe.