Zidindo Zitatu za Make Mapasa

Tsiku limene anthu a khonsolo anamata pepala pachitseko cha Make Mapasa, ana asanu ndi anayi anali m'kati akuimba nyimbo yowerenga zala. Bambo wina wa jekete lonyezimira anaima pakhomo n'kuwerenga mokweza ngati akulengeza maliro: malo olerera ana opanda chiphaso, atsekedwe lero lomwe.

Inu amene maofesi akufikani pakhosi, khalani pansi mumve.

Make Mapasa sukulu anailekera panjira mayeso atamukana kawiri. Mwamuna wake anachoka mapasa asanamere mano, ati kukasaka ntchito, ndipo mpaka lero akusakabe. Chimene chinamutsalira ndi chipinda chimodzi chachikulu, mphasa ziwiri, ndi maso osaphethira. Anali mayi woti mwana akatsokomola kuseri kwa nyumba, iye wadziwa kale kuti ndi uti. Amayi ogulitsa mumsika ataona zimenezi anayamba kumusiyira ana awo m'mawa n'kudzawatenga madzulo. Iye ndi mapasa ake ankadyera pomwepo.

M'mawa mwake anadutsa mumsika, ndipo zimene anaona zinamupweteka kuposa pepala lija. Mayi wogulitsa tomato anali atamanga mwana wake wa zaka ziwiri ndi nsalu pamwendo, nsonga inayo atamangirira kubenchi. Apa mwana, apo msewu, magalimoto ali vuu, vuu.

"Nanga nditani, asisi?" anatero wa tomatoyo. "Ndikangotembenuka kuti ndimuikire munthu m'jumbo, uyu wafika kale pamsewu."

Make Mapasa anagwada n'kulowetsa zala ziwiri pakati pa nsalu ndi khungu la mwanayo, kuona ngati sikumufinya. "Ndipatseni sabata imodzi. Chiphaso ndikachitenga."

Sabata imodzi! Mulungu amukhululukire, sankadziwa.

Kalaliki wa pawindo ku khonsolo anamufotokozera osadzutsa mutu. Pafunika makalata atatu: ya wazaumoyo, ya wazomangamanga, ndi ya wozimitsa moto. Aliyense abwere adzaone malo, adinde chidindo chake. "Akakwana atatu mubwere nawo, chiphaso n'chanu."

Wazaumoyo anabwera patatha masabata awiri, anasuzumira m'chimbudzi, n'kudinda. Wazomangamanga anali ku maphunziro. Atabwera ku maphunziro anali ku maliro. Wozimitsa moto analipo, koma galimoto inalibe mafuta; mafuta atapezeka, dalaivala anali patchuthi. Make Mapasa ankalawirira ku khonsolo, mapasa wina kumsana wina kudzanja, n'kukhala pabenchi mpaka ofesi yonse itapita kukadya. Mlonda wa pageti anamupatsa dzina.

"Afika Mayi Bwerani Mawa! Lero mwabwera mawa lake liti?"

Patatha miyezi iwiri ndi theka, makalata anakwana. Anawapukuta ndi nsonga ya nsalu asanawapereke pawindo. Kalaliki anatenga yoyamba ija, anailoza ndi cholembera pansi penipeni, pa timalemba tating'ono ngati nyerere.

"Iyi yafa."

"Yafa? Imadwala?"

"Kalata iliyonse imagwira ntchito masiku makumi atatu basi. Ya wazaumoyo yafa, ya wazomangamanga ifa Lachisanu. Kayambireni."

"Koma bambo, amene anachedwa ndine?"

"Mayi, ine ndimangolandira mapepala. Wotsatira!"

Anayambiranso. Ulendo wachiwiri inafa ya wazomangamanga. Wachitatu zinafa ziwiri. Zinali ngati kutunga madzi ndi dengu: ukamatseka bowo ili, madzi akutulukira apo. Masana ankachapa zovala za eni ake kuti mapasa asagone ndi njala, zala mpaka kusupuka. Mchemwali wake wamkulu anamuuza mosabisa: "Iwe, zisiye. Tsegula mwakachetechete, utseke makatani. Ena onse amatero." Koma Make Mapasa anali wamantha ndi chilichonse chobisa. Bwanji mwana atadwala m'nyumba yotseka makatani? Akathamangira kwa ndani, akanena kuti chiyani?

Ndiye tsiku lina mwana wa mayi wa tomato uja anaphunzira kumasula mfundo. Anamugwira ndi bambo wa njinga, phazi limodzi lili kale pa phula. Mayi ake atamufotokozera, Make Mapasa anangokhala pansi pomwepo.

Mawa lake anali pabenchi ya khonsolo akulira chamumtima, pamene mayi wosesa anamugunda phazi ndi tsache.

"Kwezani miyendo, mwanangu. Mwezi wa chingati uno?"

"Wachisanu ndi chiwiri."

"Inu mumasaka anthu atatu m'zipinda zitatu. Lachitatu lomaliza la mwezi onsewo amakhala m'chipinda chimodzi, pamsonkhano wa makhansala. Kumbuyo kuli mabenchi anayi a anthu wamba. Ndimawapukuta mwezi ndi mwezi, zaka khumi ndi ziwiri tsopano. Sindinaonepo thako la munthu pamenepo."

Lachitatulo linafika, iye anapita. Anakhala yekha kumbuyo, akubwereza mawu ake ngati mwana wa mayeso. Anamvera za nyali za mumsewu zimene zinazima chaka chatha, za thirakitala ya zinyalala yosowa tayala, za mtundu wa penti yopaka geti. Ya penti yokha inatenga ola. Potsiriza anakweza dzanja.

Mlembi wa msonkhano anapukusa mutu. "Wofuna kulankhula amalembetsa dzina masiku asanu ndi awiri msonkhano usanachitike. Mwezi wamawa, mayi."

Ena akanaphwanya windo. Iye anatuluka, anakaima kuseri kwa chimbudzi, anatukwana mawu awiri amene sanawatchulepo chibadwire, n'kubwerera kukalembetsa dzina tsiku lomwelo.

Mwezi wotsatira mabenchi anayi aja anadzaza. Amayi a mumsika anasiya malonda awo ndi anzawo, anabwera ndi ana onse asanu ndi anayi, kuphatikiza mapasa. Wina akulira, wina akufuna kukodza, mwana wa mayi wa tomato uja ali kale pansi pa tebulo akumasula chingwe cha nsapato ya khansala. Wapampando, mayi wachikulire wa magalasi, anamenya tebulo.

"Kodi ana awa ndi a ndani? Muno si malo a ana!"

Make Mapasa anaimirira. Mawu onse amene analoweza anathawa.

"Zoona, Mayi Wapampando. Malo awo munatseka."

Iye anayenda mpaka kutsogolo n'kuyala makalata asanu ndi anayi patebulo, mizere itatu.

"Ine sukulu inandikanika, mwina sinditha kuwerenga masiku. Ndithandizeni. Pezanipo atatu amene anali amoyo tsiku limodzi."

Wapampando anakonza magalasi. Anasuntha kalata iyi, anabweza iyo, anawerenga pazala. Khansala wina anasuzumira kuti athandize, naye anabwerera chimodzimodzi.

"Onsewa akuti malo ndi abwino?"

"Onse, mayi. Katatu katatu."

Wapampando anatembenukira kukhoma kumene kunakhala akuluakulu atatu aja. "Nanga simungapite tsiku limodzi?"

Wozimitsa moto anakhosomola. "Vuto ndi galimoto, Mayi Wapampando."

Wapampando anayang'ana Make Mapasa. "Kwanu n'kutali bwanji, mwanangu?"

"Wapansi ndi mphindi khumi. Ndi mwana kumsana, khumi ndi zisanu."

Amayi a kumbuyo anaphulika kuseka. Wapampando sanaseke. Anavula magalasi n'kunena kuti msonkhano uyamba wapuma, ndipo abambo atatuwo atenge zidindo zawo, miyendo ali nayo.

Anthu a m'tauniyo anaona zachilendo masana amenewo: mabwana atatu a mataye akuyenda padzuwa, kutsogolo Make Mapasa, kumbuyo mzere wa amayi ndi ana. Mlonda wa pageti anafuula, "Mayi Bwerani Mawa, mwawagwira liti akaidiwa?"

Musaganize kuti anangodinda. Ali atatu pamodzi, aliyense anafuna kuoneka wakhama pamaso pa mnzake. Wazomangamanga anaima pageti la bwalo n'kuloza loko. "Ili m'munsi kwambiri. Mwana wotalikirapo akhoza kutsegula." Asanamalize, mwana wa mayi wa tomato uja anali atatambasula kale dzanja, geti lili yasa.

Make Mapasa anayang'ana lokoyo. Iye amene ankaona chilichonse, ichi sanachione. Sanatsutse. Anathamangira kwa kalipentala wa pafupi, loko anaikweza mabwana akuonerera, ndipo zidindo zitatu zinagwa pa mapepala atatu, deti limodzi.

Lolemba nsalu ija inachoka kumwendo wa benchi ya tomato.

Lero chiphaso chili pakhoma pomwe ana sangafikire. Chimatha chaka ndi chaka, ndipo pawindo paja mawu akadali omwe aja, osanama. Nyali za mumsewu sizinayakebe. Koma khonsolo inalemba m'buku lake kuti oyendera malo aziyenda onse atatu tsiku limodzi, ndipo wometa tsitsi ndi wowotcherera zitsulo anatenga ziphaso zawo mwezi umodzi usanathe. Lachitatu lomaliza la mwezi, mayi wosesa amadandaula kuti mabenchi a kumbuyo akumada msanga.

Ndiye iwe mnzanga amene wagwira pepala lakufa m'manja, amene mlonda wakupatsa kale dzina: kwiya, ndi zokwiyitsadi. Lira kuseri ngati misozi yabwera. Koma ukapukuta m'maso, usapite kunyumba kukatseka makatani. Windo likakukana, funsa kumene kuli chitseko, ulembetse dzina, ukakhale pabenchi imene anakuikira. Mtima usautaye pawindo la kalaliki, pali mwana amene akuphunzira kumasula mfundo, ndipo akudikira iwe.