Sanali mwanabele wamba

Kanthuko ndidakamva koyamba nthawi yokumba mtedza, ndikusamba: kolimba ngati nzama, m'bere lakumanja, kosapweteka. Patapita milungu ingapo, kukhwapa nakonso kudatupa. Kumeneko sindidalabadire n'komwe. Mwanabele ndani samudziwa? Mlamu wanga adafunditsa mthiko pamoto n'kundidinda nawo katatu, ife n'kumati zatha.

Ine ndimaimbitsa kwaya ya amayi kwathu ku Dambe, ndipo mkono woimbitsira ndi womwewo. Utayamba kuvuta kukweza, ndidathamangira kuchipatala cha pa boma. Iwo adanditumiza ku Lilongwe kukajambulidwa.

Pabenchi yodikira sikani ndidakhala ndi amayi oyembekezera kuyambira m'mawa mpaka masana. Wina adandinong'oneza kuti, "Amayi, pamsinkhu wanuwu mwayambiranso?" Ndidaseka, koma mtima uli m'mwamba.

Adokotala adandipaka mafuta ozizira, n'kuyendetsa kachipangizo pabere. Kenako adati, "Kwezani mkono."

"Matenda ali kubere, kukhwapako ndi mwanabele chabe," ndidatero.

"Khansa ya m'mawere ikayamba kuyenda imafikira kumeneko. Tiyeni tione."

Pakanema padaoneka timibulu tiwiri takuda. Adatengako kanyama ndi singano, kubere ndi kukhwapa komwe. Zotsatira zidatenga milungu itatu, ndipo zidati khansa ili konse kuwiri. Ndidalira, sindibisa. Funso lidatsala limodzi: kodi yapitirira? Adandijambulanso chifuwa, chiwindi ndi mafupa. Mudalibe kanthu! Abale anga, ndidalulutira m'chipinda cha adokotala momwemo, anesi mpaka kusuzumira.

Mankhwala a m'diripi adandithothola tsitsi, chakudya n'kumanunkha. Pambuyo pake madokotala adachotsa bere pamodzi ndi timibulu tija. Mkono udauma gwa. Anesi adandiphunzitsa kukwera khoma ndi zala tsiku lililonse, ndipo ndinkalemba ndi khala pomwe ndafika. Mizereyo ikadalipo kuchipinda kwanga, yomaliza ili pamwamba pa chitseko.

Lero ndili bwino, ndimangopita kukaonedwa. Amayi anzanga, chotupa chilichonse cha m'bere kapena kukhwapa, mthiko usiyeni kukhitchini, pitani kuchipatala msanga, ndipo mukanene zonse. Ine ndidatsala pang'ono kubisa chenichenicho, cha kukhwapa chija.

Lamulungu lapitali ndidaima kutsogolo kwa kwaya koyamba chidwalireni. Ndidakweza mkono uja mpaka m'mwamba kuti tiyambe, koma palibe adatulutsa mawu. Amayi onse anali akulira. Nyimboyo ndidaiyamba ndekha.